Wonyamula Pilo wa Tawan

Lamai anayamba kuyeserera mawu oti "Amayi" sitima isanafike n'komwe ku Chiang Mai. Ankawanena chamumtima, kenako chonong'ona, maso ali pa mapiri amene ankadutsa pawindo, mpaka Tawan anamugunda ndi chigongono.

"Iwe, ukulankhula ndi ndani?"

"Ndi mayi anu, Phi Tawan. Ndikufuna ndikawatchule mokoma, asakanene kuti atsikana a kum'mawa alibe mwambo."

"Aaa, nawenso! Mayi anga saluma," anatero Tawan uku akuseka. Koma kusekako kunathera m'mano, ndipo anatembenukira kuwindo ngati waona chachilendo kunjako.

Awiriwa anali atakhala pachibwenzi zaka ziwiri ku Bangkok, komwe onse ankagwira ntchito. M'zaka ziwirizo Lamai anamutengera Tawan kwawo kum'mawa, ku Roi Et, katatu konse. Makolo ake anamuphera nkhuku, n'kumumanga ulusi woyera padzanja monga amachitira ndi mwana wapakhomo. Koma ulendo wa kwa Tawan, kumpoto kuno, unkangolephereka: lero mvula, mawa amayi sakupeza bwino, mkuja maliro a bambo. Tsopano tchuthi cha masiku anayi chinapezeka. Lamai analemba m'foni zonse zimene ankafuna kukaona ndi kukadya, koma chenicheni chimene anakwerera sitima sanachilembe. Ankafuna Tawan akaime pamaso pa mayi ake n'kunena kuti, uyu ndi wanga.

Mayi Buakham anawachingamira pasiteshoni atavala bulauzi yoyera, tsitsi atalimanga pankhongo. Sanali okha. Pambali pawo panali mtsikana wowala khungu, wamanyazi a dala, atawagwirira ambulera ngakhale dzuwa linali lisanayambe kuwawa.

Lamai anaphatikiza manja, nawerama mpaka zala zinakhudza mphuno. "Moni, Amayi."

Mayiwo anayamba kumuyang'ana kumapazi, n'kumakwera pang'onopang'ono. "Uzinditchula azakhali, mwanawe. Mwana ndinabereka mmodzi."

"Amayi, uyu ndi Lamai," anatero Tawan mofulumira, "mnzanga wa kuntchito ndinkanena uja."

Mnzanga wa kuntchito! Lamai anamva manyazi kumukwera kuyambira kumapazi komwe mayi aja anayambira kumuona.

"Uyu ndi Pimpa, wa nyumba yoyandikana nafe," anatero Mayi Buakham akusisita mkono wa mtsikanayo. "Ndi amene amandiperekeza kuchipatala, poti mwana wanga anamezedwa ndi Bangkok. Tiyeni, galimoto ikudikira. Lero tizungulira akachisi naini dzuwa lisanalowe."

M'chilankhulo cha m'dziko limeneli mawu oti naini ndi mawu oti kupita patsogolo amamveka ofanana, n'chifukwa chake wofuna mwayi amagwada m'akachisi naini tsiku limodzi. Lamai anadzilimbitsa mtima ndi zimenezo, nakwera kumbuyo kwa galimoto yofiira imene inkawadikira.

* * *

Kachisi woyamba anali wokongola moti Lamai anaiwalako za pasiteshoni. Denga linkanyezimira golide, njoka zosema zinayala misana m'mbali mwa masitepe, ndipo m'kati munkanunkhira lubani ndi maluwa. Anavula nsapato, anagwada, nagunditsa chipumi pansi katatu pamaso pa Buda. Pempho lake linali limodzi, lalifupi. Podzuka anapeza Pimpa akudzutsa Mayi Buakham ndi mkono uwu, Tawan atagwira mkono winawo.

"Phi Lamai, mutijambuleko," anatero Pimpa akumupatsira foni. "Phi" ndi ulemu wa wamng'ono kwa wamkulu, koma Pimpa ankamukoka ulemuwo ngati labala, kuti aliyense amve amene wakula pakati pa awiriwa.

Lamai anajambula. Pa kachisi wachiwiri anajambulanso. Pofika wachinayi, pomwe pali chipilala chakale cha njerwa chogumuka kumutu, anali atasanduka wojambula wa banjalo. Zithunzi zinali mbwee, zonse za anthu atatu: mayi pakati, mwana kumanja, Pimpa kumanzere. Nthawi zina atatuwo ankalowa m'chilankhulo cha kumpoto n'kumaseka, iye n'kumasekerera nawo mochedwa, osadziwa ngati akuseka nkhani kapena akuseka iyeyo.

Matailosi a pabwalo anali atayamba kuotcha mapazi. Tawan anamuyandikira povala nsapato.

"Ukupirira?" ananong'ona.

"Ndikugwira ntchito, si paja ndine wa kuntchito?"

"Lamai, chonde."

"Tawan! Ambulera!" anaitana mayi ake. Mnyamata wa zaka makumi atatu anathamanga ngati wa ku nazale.

* * *

Masana anakadya khao soi pa kanyumba kena ka malata pafupi ndi khoma lakale la mzinda. Ichi ndicho chinali choyamba pa mndandanda wa Lamai, ndipo kunena zoona mbaleyo inali yosanamiza: timizere ta ufa tikusambira mu msuzi wachikasu wa kokonati, ntchafu ya nkhuku itakhala pakati, pamwamba atawazapo timizere tina tokazinga. Pambali anaikapo soseji yonunkhira mandimu, mpunga womata ndi tsabola wobiriwira wosinja.

Lamai asanagwire n'komwe supuni, Pimpa anakoka mbale ya Tawan, nafinyiramo ndimu, n'kukankhira anyezi kutali.

"Phi Tawan sadya anyezi wamuwisi," anafotokoza mokoma. "Kuyambira ali mwana."

Tawan ameneyu ku Bangkok ankatafuna anyezi ngati mtedza, womuphunzitsa wake ali Lamai yemweyu. Koma anangoti "zikomo" n'kuweramira mbale.

"Udya bwino, mwanawe?" anafunsa Mayi Buakham. "Zakudya zathu n'zofatsa. Kwanu kum'mawa ndimamva kuti chilichonse mumathiramo nsomba zovunditsa zija, mpaka fungo limayamba kufika munthu asanafike."

"Zimakoma, azakhali, mukazizolowera."

"Pa msinkhu wanga uno sindizoloweranso zatsopano."

Lamai anatulutsa foni pansi pa tebulo n'kulemba: Muwauza liti?

Foni ya Tawan inanjenjemera. Anawerenga, nayankha ndi chala chimodzi: Posachedwa. Mtima wawo suli bwino. Dekha.

Ndadekha zaka ziwiri, analemba Lamai.

Tawan anawerenga, n'kuika foni chafufumimba. Ndiye Lamai anatapa tsabola wokazinga supuni yodzaza, kenako ina, n'kuvundulira mu msuzi. Misozi itayamba kutsika panali poinamizira.

"Mwachulutsa tsabola, Phi Lamai," anatero Pimpa akumupatsa kapepala kopukutira. "Wa kuno amaoneka wofatsa, koma amaluma."

* * *

Atachoka pa kachisi wachisanu ndi chimodzi, Mayi Buakham anaimitsa galimoto pa sitolo yogulitsa zinthu za amonke. Lamai anaganiza kuti akufuna kugula mphatso yokapereka kukachisi, monga amachitira aliyense. Mayiwo anasankha mikanjo yachikasu, mbale yakuda yolandirira chakudya, ndi chokupizira cha mgwalangwa. Kenako anatola nsalu yoyera ya zingwe zagolide.

"Tawan, ima apa."

Anamuyeza nsaluyo paphewa. Apo m'pamene Lamai anazindikira. Nsalu yoyera yotero savala munthu wamba. Amavala mnyamata amene wametedwa mpala, pa tsiku lomuperekeza kukachisi kuti akakhale mmonke. Anayang'ana Tawan, Tawan n'kuyang'ana mashelefu.

"Iwe wa ku Bangkok," anatero Mayi Buakham, "maso ako ndi amakono. Tasankha pilo."

Lamai ankadziwa tanthauzo la pilo. Mwambo umenewu ngwofanana ku Roi Et ndi kuno. Pa tsiku loperekeza, anthu amazungulira kachisi katatu ndi ng'oma. Mayi amanyamula mikanjo, bambo kapena malume amanyamula mbale ndi chokupizira, ndipo pambuyo pawo pamayenda mtsikana atafungatira pilo. Palibe amene amalengeza kanthu, koma mudzi wonse umabwerera kunyumba ukudziwa kuti mnyamatayo akadzavula mkanjo, mkazi wake ndi ameneyo. Mkulu wake wa Lamai anaunyamulapo pilo wotero, Lamai akumuvinira pambuyo.

Ndiye kuti mayiwa amangondiyesa, anaganiza. Anaiwala zoti Tawan wamubisira nkhani yaikulu chonchi, anaiwala anyezi ndi nsomba zovunditsa. Anasankha modekha, akusindikiza pilo aliyense ndi chikhatho, chifukwa ankadziwa kuti khosi la Tawan limavuta akagonera cholimba. Anatenga wachikasu wa maluwa agolide m'mbali.

"Wasankha bwino," anatero mayiwo. "Nyamula."

Lamai anamufungatira pachifuwa. Akanayang'ana nkhope ya Pimpa akanaona kuti ili phee ngati madzi a mumtsuko, ndipo akanakumbukira kuti galu wamkota sakandira pachabe. Koma sanayang'ane.

* * *

Mpata wolankhula unapezeka pa kachisi wachisanu ndi chitatu, mayi aja atakhala pamthunzi kuti amwe mankhwala. Lamai anakokera Tawan kuseri kwa mtengo waukulu womangidwa nsalu zamitundumitundu.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndimafuna kukuuza m'sitima. Kenako ndinati ndikuuze tikadya."

"Liti?"

"Lamlungu la sabata yamawa. Miyezi itatu ya mvula basi, kenako ndivula." Tawan anapukuta thukuta pankhope. "Ndinalonjeza pamaliro a bambo. Amayi akuti mtima wawo sufika chaka chamawa, ndiye akufuna agwire mpendero wa mkanjo wanga uwakokere kumwamba. Ndipo ukudziwa zimene amanena, kuti ukakwatira usanamete, madalitso ake umagawana ndi mkazi."

"Ndikudziwa. Kwathunso amuna amameta, sindine mlendo m'dziko muno. Sindikukukanizani ayi."

Sankamukaniza, koma ankadziwa tanthauzo la miyezi itatuyo. Mkazi sakhudza mmonke, sakhala naye awiriwiri, ngakhale kapu ya madzi samupatsa m'manja. Iye adzakhala ku Bangkok, ulendo wa usiku wathunthu pasitima, pomwe Pimpa adzakhala ataima pageti m'mawa uliwonse ndi mpunga wotentha, kudikira amonke adutse. Chokhacho chomugwiriziza miyezi yonseyo chinali chimene anafungatirachi.

"Funso langa ndi limodzi," anatero. "Pilo uyu adzanyamula ndani?"

"Si ali m'manja mwakomo?"

"Musandiyankhe ngati mwana. Mayi anu anena kuti ndine?"

Tawan anayamba kuseweretsa nsalu ya pamtengo ija.

"Kapena anena kuti ndi Pimpa?"

"Mayi ake a Pimpa ndi amayi ndi pachinzake cha kalekale. Amangolankhula zawo za akuluakulu, ine sindinavomerepo kanthu."

"Munakana?"

Tawan anangopukutanso thukuta. Anthu amati chetechete sautsa nyama, koma Tawan mwambi umenewu unamudutsa. Sanali munthu woipa. Ankangokhulupirira kuti vuto ukalisiya lokha limatopa n'kuchoka.

"Ndilankhula nawo paphiri," anatero potsiriza. "Kumeneko mtima wawo umakhala m'malo. Ndikulonjeza."

* * *

Kachisi wa naini anali wa paphiri uja, woonekera mumzinda monse. Mayi Buakham ananena kuti katundu yense akwere nawo, akamuike kaye pamaso pa chipilala chagolide kuti mwambo udzayende bwino. Iwo ndi Pimpa anakwera chikepe atatenga mikanjo. Lamai ndi Tawan anakwera masitepe, oposa mazana atatu, pakati pa njoka ziwiri zosema zobiriwira.

"Wonyamula pilo, gula maluwa!" anakuwa mayi wina wogulitsa m'munsi mwa masitepe. "Wasankha mnyamata wokongola, umusunge asakonde mkanjo n'kukhaliratu!"

Anzake anaseka. Lamai anamwetulira koyamba chichokere pasiteshoni. Mpweya unkamuthera, ntchafu zinkawawa, koma piloyo sanamupatse Tawan kuti amugwirireko ngakhale sitepe imodzi.

Pamwamba mphepo inkaliza timabelu ta m'madenga, ndipo mzinda wonse unali utayala pansi, mitambo ya mvula ikuunjikana chakumadzulo. Mayi Buakham anali ataima ndi amayi atatu ovala zoyera, anzawo opemphera nawo, amene anapangana kuti akumane pamenepo. Wina wa iwo, wamagalasi, ataona Lamai anawomba m'manja.

"Eee, Buakham! Mpongozi ndi ameneyu? Umatibisira chiyani?"

"Ayi," anatero Mayi Buakham mosakweza mawu. "Uyu ndi mnzake wa Tawan wa kuntchito, wabwera kudzaona malo. Amangotinyamulirako, poti Pimpa manja ake anali ndi ine. Mwanawe, zikomo, watopa. Mupatse mwini wake."

Pimpa anatambasula manja onse awiri, maso ali pansi mwaulemu.

Lamai sanasunthe. Zala zake zinalowa m'pepala lokutira piloyo. Anayang'ana Tawan, ndipo ulendo uno Tawan sanathawitse maso.

"Amayi," anatero Tawan, "Lamai si mnzanga chabe. Takhala limodzi zaka ziwiri. Pilo adzanyamula ndi iyeyu."

"Pilo ndinalonjeza kale, bambo ako ali m'bokosi, pamaso pa makolo a Pimpa. Ndikabweze bwanji mawu?"

"Ndiye ngati sanyamula Lamai, ine sindimeta."

Timabelu tokha ndi timene tinapitiriza kulira. Mayi Buakham sanakalipe, bola akanakalipa. Anangotsetsereka pang'onopang'ono mpaka kukhala pa matailosi, mikanjo yachikasu ili pamiyendo, dzanja limodzi lili pachifuwa. Pimpa anagwada msangamsanga n'kutsegula kachikwama ka mankhwala.

"Chabwino, mwana wanga," anatero mayiwo motsitsa. "Ndipita chimanjamanja. Ena amapita opanda chogwira."

Amayi atatu aja sanamuyang'ane Tawan ngakhale pang'ono. Maso onse anagwera Lamai. Alendo ena amene ankazungulira chipilala ndi maluwa m'manja anachepetsa liwiro kuti aone.

"Mwanawe," anatero wamagalasi uja, "kwanu sanakuuze tchimo la mkazi wotsekereza mwamuna kumkanjo? Ukufuna mayi awa afe alibe chowakweza chifukwa cha iwe?"

Kwawo anamuuzadi, ndipo Lamai ankalidziwa bwino tchimolo. Mayi ake omubereka atamva zoti mwana wawo walepheretsa mnyamata kumeta, sakanamulandira pakhomo. Zaka ziwiri anadikira kuti Tawan atsegule pakamwa, ndipo lero atatsegula, watulutsa mawu okhawo amene sakanamuthandiza. Akaumirira pilo, Tawan akhala wake, koma iye adzakhala mkazi amene analanda mayi wodwala njira ya kumwamba, ndipo dzina limenelo silichoka ndi sopo. Akapereka, mzinda wonse udzaona Pimpa akuzungulira kachisi katatu. Anafunafuna njira yachitatu, koma sinapezeke. Anasowa mtengo wogwira.

"Tawan," anatero, ulemu wa "Phi" uja atausiya, "usanenenso zimenezo. Ukamete."

"Lamai, ine ndikuchitira iwe."

"Ndikudziwa. Ukamete."

Anagwada pa matailosi, nayenda ndi maondo masitepe awiri, n'kuika piloyo m'manja mwa Pimpa. Pachifuwa pake, pomwe anafungatira masana onse, bulauzi inali itanyowa ndi thukuta, ndipo mphepo ya paphiri itawombapo anamva kuzizira.

"Zikomo, Phi Lamai," anatero Pimpa. Anasindikiza piloyo ndi chikhatho. "Ndi wofewa bwino. Mumadziwa kusankha."

Mankhwala aja ayenera kuti anali amphamvu kwambiri, chifukwa Mayi Buakham anadzuka asanawameze n'komwe. Anakonza bulauzi yawo, nayang'ana Lamai koyamba ndi nkhope yofewa.

"Mtsikanayu ali ndi mwambo," anauza anzawo. Kenako anatembenukira kwa iye. "Lamlungu lamawalo udzabwere. Anthu a kwanu mumatha kusinja papaya wamuwisi uja, ndipo kukhitchini tidzafuna manja. Abale a Pimpa adzabwera ambiri, poti tikatha mwambo tidzakhala pansi kusankha tsiku."

"Tsiku lanji, Amayi?" anafunsa Tawan.

Amayi atatu aja anayang'anana n'kumwetulira, Pimpa nabisa nkhope kuseri kwa pilo. Tawan anatambasula dzanja kuti adzutse Lamai, amene anali chigwadire, koma mayi ake anamumenya pang'ono pamkono ndi chokupizira chija.

"Yamba kuzolowera, mwana wanga. Akazi sukhudzanso." Anayang'ana pansi pomwe panali Lamai. "Ndiye udzabwera, mwanawe?"

Dzanja la Tawan linaima m'malere, kenako linabwerera m'thumba. Madontho oyamba a mvula anagwa pa matailosi. Lamai anaphatikiza manja ake opanda kanthu, nawerama mpaka zala zinakhudza mphuno.

"Ndidzabwera, azakhali."

Mawu amenewo sanawayeserere m'sitima, koma anatuluka bwinobwino.